Mitu yowerama ku Halale

Loweruka usiku, Mabvuku

Ndafika, ndipo ndikulemba izi nditakhala pakhonde la azakhali amene kufikira lero ndinkangowadziwa nkhope ya pafoni. Basi inanyamuka ku Blantyre kusanache. Tinadutsa pa Mwanza ndi Zobue, tinawoloka Zambezi pa Tete dzuwa lili paliwombo, ndipo pa Nyamapanda tinaima pamzere mpaka miyendo kutupa. Mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 600 basi, koma zipata zinayi za m'malire zimadya tsiku lathunthu.

Titangolowa m'Zimbabwe palibe anafunsa za madzi kapena chakudya. Aliyense ankafuna kudziwa kogula simu. Kutada, cha ku Mutoko uko, ndinacheuka n'kuona basi yonse, nkhope zowala kuchokera kuchibwano, mitu yonse yowerama ngati abusa angonena kuti tiyeni tipemphere. Wanganso unali wowerama, poti ndinkauza asuweni kuti andidikire pa siteshoni ya mabasi ya Roadport.

Zandibweretsa kuno ndi ziwiri. Agogo anga aamuna adachoka ku Dedza mu 1954, chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitangoyamba kumene, n'kusiya bambo anga ali ndi zaka zitatu. Sadabwererenso. Kumudzi ankangoti adatchona ku Halale. Zaka zinayi zapitazo mdzukulu wa azakhaliwa adalemba dzina la agogo ndi la mudzi wathu pa Facebook, mng'ono wanga n'kuziona, ndipo m'pamene tidadziwa kuti kuno tili ndi abale komanso kuti manda alipo. Chachiwiri n'cha kuntchito. Ndimaphunzitsa zaluso, ndipo sabata siitha ndisanalande mwana foni m'kalasi. Mawu oti ndiwauze ana aja andithera, ndiye ndafuna kudzaona ndi maso mmene amisiri a mu Harare akuikambira nkhaniyi.

Azakhali anandigwira kumaso ndi manja onse awiri. "Bambo anga mwabwera," anatero, poti dzina langa ndi la agogo. Chichewa chawo n'chija ankalankhula nkhalamba za kwathu ndili mwana, chothira Chishona apa ndi apo. Usipa ndi mpunga wa Kilombero azilandira ndi nthungululu.

Lamulungu

Tinakapemphera ku CCAP. Ambiri kwathu sadziwa kuti kuno kuli Sinodi ya Harare, imene idakula ndi anthu athu obwera kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu. Ku Mabvuku ndi ku Tafara kuno ndiye musachite kufunsa, a Phiri ndi a Banda ali mbwee. Nyimbo zina anaziimba m'Chichewa, ndipo achinyamata amene chilankhulochi chimawavuta ankawerenga mawu ake pafoni. Mtsikana wa kutsogolo kwanga ankatsatira ndime iliyonse ndi chala mpaka uthenga wina utalowa. Chala chija chinangotsetsereka, nyimbo n'kusowa, ndipo sanabwerereko kufikira pa Ameni. Ndinamumvera chisoni osati mkwiyo, chifukwa popanda foniyo nyimbo ya agogo ake sakadaiyamba n'komwe.

Madzulo magetsi anathima. Asuweni ali ndi kasola padenga, ndiye anansi anabwera mmodzimmodzi, aliyense ndi tchaja chake, mafoni asanu ndi awiri n'kusanjikana pampando umodzi ngati anapiye. Eni ake anakhala pansi kudikira. Macheza amene anabuka pa maola awiri amenewo ndi okoma kuposa ena onse amene ndamva chifikireni.

Lolemba

Lero linali la m'tauni. Jakaranda wachita maluwa, ndipo misewu ya ku Avenues yasanduka pepo kumwamba ndi pansi pomwe. Tinakwera kombi mpaka pa Fourth Street, kenako wapansi kukakonzetsa foni ya asuweni ku Gulf Complex, kumene anyamata amatsegula mimba za mafoni ndi timasukuludiraiva tochepa ngati singano.

Tikudikira, asuweni anandilangiza. Anati, "Asuweni, musafulumire kunena kuti tikupembedza foni. Ife kuno banki yathu ndi imeneyi." N'zoona. Kampani ya mafoni ya Econet idayamba mu 1998, woiyambitsa wake Strive Masiyiwa atalimbana zaka zisanu m'makhoti kuti apatsidwe chilolezo, ndipo EcoCash, njira yake yotumizira ndi kulipira ndalama pafoni, idabwera mu 2011. M'zaka zimene ndalama zogwira m'manja zinkasowa, anthu akugona pamizere ya kubanki, tomato ndi fizi ankalipirira pafoni. Anthu amene adaona ndalama yawo ikusanduka mapepala mu 2008, amene lero akusinthasintha pakati pa madola a ku America ndi ZiG, ndalama ya kuno imene idabwera mu 2024, ali ndi chifukwa choigwirira zolimba. Anandikumbutsanso za Januwale 2019, pamene boma lidatseka intaneti masiku angapo pa nthawi ya zionetsero. Mwana wawo ali ku Joni, ndipo masiku amenewo akuti m'nyumba munali ngati mwagwa maliro.

Lachiwiri

National Gallery of Zimbabwe ili mu msewu wa Julius Nyerere, kumbuyo kwake kuli Harare Gardens. Idatsegulidwa mu 1957, ndipo mkulu wake woyamba, Frank McEwen, ndiye adayamba kupereka utoto ndi zida kwa antchito a pomwepo monga Thomas Mukarobgwa, amene adadzakhala mmisiri wotchuka. Ndinapita ndi mdzukulu wa azakhali, yemwe uja adatipeza pa Facebook, mnyamata wa zaka 22.

Chimene chinandikhudza pano n'chakuti m'mbiri ya zosema za miyala, imene dziko lonse limaitcha ya Ashona, muli manja a anthu athu. Ku Tengenenge, cha ku Guruve kumpoto kwa Harare, mlimi wa fodya Tom Blomefield adasandutsa famu yake malo osemerako miyala mu 1966, malonda a fodya atasokonekera ndi zilango zimene mayiko adaikira boma la Ian Smith. Amene adayamba kugwira hamala ndi tchizulo anali antchito a pafamu, ambiri ochokera ku Malawi, Mozambique, Zambia ndi Angola. Munali Achewa ndi Ayao. Fanizani Akuda, Mchewa wobadwira ku Zambia mu 1932 amene adamwalira mu 2011, adatchuka ndi nkhope zozungulira za maso ong'ambika pang'ono ndi milomo yoimba likhweru. Mnyamata uja ankadziwa dzina la Tengenenge, koma za Achewa zinali zachilendo kwa iye. Anafunsa kawiri konse, "Amalume, zoona?" Kusukulu ankamunena kuti mubhurandaya, dzina lonyoza lochokera ku mawu oti Blantyre, ndipo palibe adamuuzapo kuti anthu a mtundu wake ali m'nyumba ngati ino.

Ndinakhala pabenchi kwa kanthawi n'kumayang'ana alendo m'malo mwa zosema. Ambiri amafika pachosema, kukweza foni, kujambula, kuyang'ana chithunzicho, n'kusuntha. Mwalawo amauona kudzera m'galasi la foni ngakhale uli pamphuno pawo. Koma chosema cha mwala chimafuna kuchizungulira. Kumbuyo kumakhala nkhani ina, ndipo mbali imene mmisiri adasiya yosasalaza imalankhula mosiyana ndi imene adaipukuta mpaka kuwala. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinamuuza mnyamata uja kuti aike foni m'thumba tizungulire chosema chimodzi katatu. Pa ulendo wachitatu anaona kankhope kachiwiri kamene kanabisala pansi pa mkono, ndipo anaseka mokweza mpaka mlonda anacheuka.

Lachitatu

Mbare. Lero ndiye ndaona chimene ndinadzera.

Iyi ndi komboni yakale kuposa onse mu Harare, ndipo dzina loti Harare poyamba linali la komboni imeneyi, mzinda ukutchedwa Salisbury. Halale amene ankamutchula agogo athu ndi uyu. Tinadutsa ku msika wa Mbare Musika ndi ku Siyaso, kumene amisiri amasula chilichonse kuchokera ku zitsulo zotayidwa, mpaka tinafika ku Mbare Art Space. Nyumbayi inali holo ya mowa ya m'nthawi ya atsamunda, ndipo tsopano amisiri amagwiriramo ntchito. Amene adatsogolera kuisintha ndi Moffat Takadiwa, wobadwa mu 1983, mmodzi mwa amene adaimira Zimbabwe ku chionetsero chachikulu cha ku Venice mu 2024.

Ntchito zake ndinkazidziwa pafoni, ndipo ndinkaziyesa nsalu kapena mikanda yolukidwa. Ukaima patali zimaonekadi choncho, zazikulu zodzaza khoma, zolendewera ngati chovala cha mfumu, zakuda ndi zoyera ndi timizere ta mitundu ina. Ukayandikira m'pamene umazindikira kuti mkanda uliwonse ndi batani la kiyibodi ya kompyuta. Masauzande ndi masauzande, lililonse lobooledwa ndi kutungidwa pa chingwe, pamodzi ndi mitu ya miswachi ndi zotsekera mabotolo. Pali anthu amene ntchito yawo ndi kutola zimenezi m'mitaya ya mzindawu, ena kutsuka, ena kusankhula, ena kuboola ndi kutunga. Chidutswa chimodzi chimadutsa m'manja ambiri chisanakwere pakhoma.

Ndinaima pafupi kwambiri n'kuyamba kuwerenga. Q, kenako 7, kenako Shift, kenako batani lofufutika chifukwa chala cha munthu wina chidalisindikiza zaka zambiri. Maso amafunafuna mawu koma sawapeza. Zilembo zimene zidalemba makalata ofunsira ntchito, zigamulo, mauthenga achikondi ndi a maliro zamwazika ngati chimanga pamphasa. Takadiwa amalumikiza zimenezi ndi nkhani ya chilankhulo cha atsamunda, kuti akuphwasula Chingerezi n'kulukanso china chake ndi zidutswa zake. Ine monga mphunzitsi ndinakumbukira chilembo chathu cha ŵ, cha m'dzina la dziko lathu lenilenilo, chimene pa mabatani onse aja panalibe ndipo ambiri tidasiya kuchilemba.

Batani lofufutika lija ndi limene lakhala m'mutu mwanga. M'matchalitchi akale, pamene anthu amagwira polowa pamasalala chimodzimodzi. Palibe chinthu china chimene munthu wa lero amachikhudza kambirimbiri pa tsiku ngati mabatani ndi galasi la foni, ngakhale mwana wake kapena mkazi wake. Ndipo chikangofa timachitaya osacheuka. Lipoti la bungwe la United Nations lidati mu 2022 dziko lapansi lidataya matani 62 miliyoni a zipangizo zamagetsi, ndipo zosakwana gawo limodzi mwa magawo anayi ndi zimene zidasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso mwadongosolo. Zina mwa zotsalazo zimathera m'mayiko ngati athu, zitabwera ngati kaunjika.

Pa intaneti pamayenda zojambula zambiri zodzudzula mafoni: anthu omangidwa unyolo, ana opanda maso, banja lodya aliyense atayang'ana kwake. Ndakhala ndikuzionetsa m'kalasi, ndipo ana amangogwedeza mutu ngati akumva ulaliki umene adaumva kale. Ntchito za ku Mbare sizikalipira munthu. Zimakukoka ndi kukongola, ukayandikira n'kukuonetsa zinyalala zako zomwe. Kwathu Gule Wamkulu amachita zofanana. Zilombo za galimoto ndi ndege zidatuluka kudambwe kalekale, ndipo amene adafika ku Chamare Museum ku Mua akudziwa kuti chachilendo chilichonse chikalowa m'mudzi, gule amachivina kuti anthu achione bwino, aseke, kenako aganize. Kunonso gule alipo, amamutcha zvigure, ndipo asuweni akuti masiku ano akatuluka, bwalo lonse limakweza mafoni m'mwamba mpaka akuluakulu kuchita kuletsa.

Lachinayi

Sindinapite kulikonse. Azakhali anatulutsa chitini cha mabisiketi chakale, mkati muli chitupa cha agogo, chithunzi chawo atavala yunifolomu yoyera ya ukhukhi, ndi makalata atatu. Onse ndi opita ku Dedza, ndipo palibe imene idatumizidwa. Agogo sankadziwa kulemba, ankachita kulembetsa kwa mnzawo wa kumpingo. M'kalata ina akupepesa kuti ndalama sizinakwane, abwera chaka cha mawa akagula njinga ndi bulangete. Azakhali akuti manyazi ndi amene adawatchonetsa. Chaka chilichonse chikadutsa, kubwerera chimanjamanja kunkalemera koposa.

"Ikadakhalapo foni nthawi imeneyo, bambo, achimwene akadakula akumva mawu a atate awo," anatero. Ndinalibe choyankha. Dzulo lomweli ndinali kulemba za zinyalala.

Lachisanu

Tinakwera makombi awiri kupita ku Chitungwiza Arts Centre, kumwera kwa mzinda. Ndi bwalo lalikulu, zosema zili ndandanda pa zitsa za mitengo, ndipo phokoso la hamala limamveka usanalowe. Kumeneko ndinaona ntchito yonse kuyambira pachiyambi: kugumula mwala ndi tchizulo chosongoka, kuusalaza ndi tupa, kuupala ndi sandipepa m'madzi, kenako kuuwotcha ndi moto n'kuupaka phula kuti mtundu wake weniweni utuluke. Mwala wotuwa ngati phulusa umasanduka wakuda bii ukuona.

Kumapeto kwa mzere wina kunali chosema chofika m'chiuno. Mayi wabereka mwana, mutu wawerama, m'manja muli foni. Thupi lonse mmisiri adalisiya lokhakhala, nkhope ya mayiyo ngakhalenso ya mwana, amene wasuzumira paphewa kufunafuna maso a mayi ake. Chopukutidwa n'chimodzi chokha, foniyo, ndipo ndi ya mwala wina wolowetsedwamo, wa mtundu wa maluwa a jakaranda.

Mwini wake, bambo wa zaka za m'ma 40, atamva tikulankhula anatilonjera m'Chinyanja cha ku Tete, kwawo kwa agogo ake aakazi. Ndinamufunsa za mwala wa pepo uja. Anati ndi lepidolite, ndipo anandifunsa ngati ndikudziwa za m'kati mwake. Muli lithium, chimene amapangira mabatire a mafoni. Amisiri a kuno akhala akusema mwalawu kwa zaka zambiri chifukwa cha kukongola kwake, koma tsopano miyala ya lithium ili pa mpikisano. Ku Bikita akhala akuikumba kuyambira m'ma 1950. Mgodi wa Arcadia, ku Goromonzi, makilomita osakwana 40 kuchokera mu Harare, kampani ya ku China ya Huayou Cobalt idaugula pa madola 422 miliyoni mu 2022, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho boma lidaletsa kutumiza kunja miyalayi isanakonzedwe. Ndiye foni ya mwala ija ndi mbale wake weniweni wa foni ya m'thumba mwanga. Mwala umachoka m'nthaka ya kuno, kuwoloka nyanja, n'kubwerera uli m'bokosi pa mtengo umene wokumba uja sangaukwanitse msanga.

Ndinamufunsa ngati akumudzudzula mayiyo. Anapukusa mutu. Akuti alendo a kunja akafika amati taonani mayi woiwala mwana chifukwa cha foni. Amayi a ku Chitungwiza akafika amati mayiyu akudikira uthenga wa ndalama kuchokera kwa mwamuna wake ku Joni kuti mwanayo adye. "Inu mukuona chiyani, aphunzitsi?" anandibwezera funso. Ndinazungulira chosemacho. Kuchokera kumanzere mayiyo akuoneka wotengeka, kuchokera kumanja akuoneka wotopa ndi nkhawa, ndipo mbali zonse ziwiri mwana uja akudikirabe. Ndinamuuza kuti ine ndikuona mwanayo. Anati nayenso adayamba kusema mwanayo.

Chosemacho sindikadatha kuchigula kapena kuchinyamula. Ndinapempha kachidutswa ka mwala wa pepo kotsala pansi, kofanana ndi bokosi la machesi, ndipo anakana ndalama. Kameneka kakalowa m'kalasi mwanga. Ndikawagwiritsa ana mmodzimmodzi ndisananene kuti n'chiyani, kenako aliyense akaumbe ndi dongo munthu wa kwawo atagwira foni, mmene amamuonera tsiku ndi tsiku.

Loweruka

Tinalawirira kumanda a Mabvuku, ine, azakhali, asuweni ndi adzukulu atatu. Manda a agogo ali ndi chikwangwani chachitsulo chimene dzimbiri ladya theka la dzina. Tinalambula udzu, ndipo ndinathira dothi limene bambo adandipatsa m'kajumbo, lotapa pabwinja la nyumba imene agogo adaisiya.

Kenako tinaimba ku Dedza pa WhatsApp. Mng'ono wanga anali atakwera ndi bambo pachulu cha kuseri kwa sukulu, poti netiweki kwathu imagwira pamenepo. Chithunzi chinkaima n'kuyambanso. Ndinaloza foni kuchikwangwani, ndipo bambo, amene tsopano adapyola zaka 70, anakhala chete nthawi yaitali mpaka tinayesa kuti yaduka. Kenako mawu anamveka. "Atate, ndine. Ndakula." Azakhali anagwada pambali panga n'kuyandikitsa nkhope, "Achimwene, ali pano, tinawasunga bwino." Bambo anayambitsa nyimbo ya maliro, ife n'kulandira, mawu awo akufika mochedwa pang'ono kotero kuti tinkachita kuwadikira pa mzere uliwonse. Tonse asanu ndi mmodzi tinaunjikana mozungulira kagalasi kaja, mitu yowerama, mpaka bandulo inatha nyimbo ili pa ndime yachitatu. Yotsalayo tinaimaliza tokha.

Lamulungu, pa Nyamapanda

Tili pamzere. M'chikwama muli makalata atatu aja, poti azakhali anati mwini wake ndi bambo, ndipo kamwala ka pepo ndakakulunga m'sokosi. Simu ya kuno isiya kugwira tikangowoloka. Pompano walowa uthenga wa mawu wochokera kwa azakhali, wa mphindi zinayi, wondiuza kuti ndisaiwale kudya mbatata imene andiikira ndiponso kuti ndikawajambule achimwene awo akumva makalatawo. Wa pasipoti akuitana.